Amuna Anga Atasiya Kumva

Fungo ndinayamba kulimva ndine. Unali mmawa wa mwezi wa Junho, kuzizira kwa ku Tsangano kuja koti ngakhale nkhuku zimazengereza kutsika mumtengo, ine ndili pakhonde kusenda mbatata ya kachewere, khanda kumsana. Fungo la nsanza yopsa. Nditacheuka ndinaona amuna anga ali pachitsa pafupi ndi moto, mwendo wawo wovulala atautambasula, nsalu yomangira bala ikufuka utsi, kamoto kofiira kakuyenda pang'onopang'ono m'mphepete mwake. Iwo akungoyang'ana, mano onse pamtunda, ngati munthu woonerera ana akusewera phada.

"Bambo a mwana, mukupsa!"

"Eti?" anatero. "Koma taonani mmene kakuyendera. Kali ndi ulemu kamotoka."

Ndinawakhuthulira madzi onse a mbatata, ndi makoko omwe. Titamasula nsaluyo tinapeza chithuza chatukuka kale.

"Simukumva?"

"Sindikumva, senhora."

Ndiye ine kuseka! Ndinaseka mpaka khanda linadzuka, mwana wathu wamkulu, kamtsikana ka zaka zinayi, anatuluka m'nyumba kudzaseka nafe osadziwa chosekedwa. Masiku amenewo mawu akuti "sindikumva" anali ngati mvula yoyamba pakhomo pathu. Koma pansi pa kusekako panali mantha, chifukwa munthu wamoyo moto amauthawa.

Ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Ine ndikamasimba ndimathamanga, ku shikola ndinalekezera quarta classe ndipo aprofesora ankati pakamwa panga palibe vírgula, kachizindikiro kopumira powerenga kaja. Amuna anga kwawo ndi ku Chidzolomondo, ku Macanga. Kwathu, kufupi ndi Ntengo-Wambalame, anabwera chikamwini. Anali munthu wa mawu ochepa, nkhope ya gwa, woyendetsa ngolo. Nkhondo itafika m'dera lathu, tsiku lina akuchokera kotula mbatata, mfuti zinalira mumsewu, chipolopolo n'kuwaswa fupa la pansi pa bondo. Wowombera sitinamudziwe, kaya a boma kaya a m'tchire. Nthawi imeneyo munthu sunkafunsa. Anabwera nawo atawagoneka pachitseko.

Anthu inu, kulira kwa mwamuna wamkulu! Ankabuula osapumira, ntchentche ikangotera pabala ankaluma mphasa. Ndipo kubuulako kunali ngozi ya mudzi wonse, chifukwa amfuti akamadutsa tinkathawira kukhwawa n'kugona chafufumimba m'mabango, zii. Munthu wobuula amaphetsa anzake. Azimayi anayamba kundiyang'ana cham'mbali, ndipo wina anandiuza poyera kuti, "Mukabwera nawo kukhwawa amuna anuwo, ife tikabisala kwina."

Ndiye anatulukira alamu anga, mng'ono wawo. Iwo anali seriventi pa posto ina ya zaumoyo kwawoko, ntchito yawo kusesa ndi kuwiritsa zida. Posto itatenthedwa, enfermeiro, namwino wa pamenepo, atathawira ku vila, kutauni, alamu anatuluka ndi chitini chimodzi pansi pa malaya. Atamva za mkulu wawo anayenda wapansi kudutsa mapiri, nafika mapazi atatupa, chitini chili m'thumba la ufa. Mkati munali seringa ya galasi, singano, ndi timabotolo tating'ono ngati chala cha mwana, ta madzi oyera ngati misozi. Tinalibe zivindikiro, unkathyola khosi, thyo.

"Uyu ndi morfina," anatero. "Alamu, wiritsani madzi. Lero mugona ngati mkazi wa administrador, bwana wa boma."

Muyezo sankaudziwa, ankangoona enfermeiro akubaya. Sikelo yawo inali funso. Abaye, adikire pang'ono, afunse, "Achimwene, mukumvabe?" Akayankha kuti pang'ono, awonjezere. Akati sindikumva, pronto, seringa m'chitini. Tonse tinkaganiza kuti kumva kumene tikuthamangitsa ndi kumodzi, kwa ululu. Palibe anakumbuka kuti kwathu kuno khutu limamva, mwendo umamva, mtima umamva, mwana woleredwa bwino amamvanso. Tinkagwada n'kupempha Mulungu kuti munthuyu asamve, osatchula kuti asamve chiyani.

Koma masabata oyambawo, ine! Ndinakwatiwa kachiwiri ndi mwamuna wina m'thupi lomwelo. Munthu amene chikwatirane sanandiimbirepo ngakhale kamzere kamodzi anayamba kuimba nyimbo za kutchalitchi, mawu akuika akeake, pa dzina la Yohane akulowetsapo la ng'ombe yathu. Tambala ankamupatsa moni wa chipani, wa camarada. Anasema ndodo n'kumavina nayo pabwalo, mwendo umodzi m'mwamba, mwana wamkulu akuwomba m'manja. Choposa zonse, mkamwini amene kale akaona amayi anga ankapatuka njira n'kulowa m'chimanga, anawaitana masana dzuwa likuswa mtengo.

"Apongozi! Bwerani mudzakhale pamphasa pano. Ndakhala zaka zonsezi ndikufuna kukuuzani kuti muli ndi makutu okongola."

Amayi anathawira kuseri kwa nkhokwe chitenje chili kukamwa. Alamu anagwa pansi n'kuseka. Ine ndinaseka mpaka mkodzo, ndisabise. Anthu a m'mudzi anayamba kubwera kudzazonda matenda, koma n'zoona ankabwera kudzaonera, chifukwa malo osekera anali atasowa m'dziko lonse. Mankhwala aja anawapatsa dzina lakuti madzi a alamu.

Tsiku lina ndinawafunsa amuna anga ngati ululu watheratu.

"Sunathe, ulipo," anatero. "Ndikuuona. Koma wakhala uko pakhomo pa eni, ukucheza. Si mlendo wanga."

Ine maso anga sagona. Ndikuseka choncho ndinkaona zinthu. Timwanadiso tawo tinkachepa kukhala ngati njere za fodya, ngakhale m'nyumba mwa mdima. Mphuno ankaikanda mpaka kufiira. Ankagona pakati pa nkhani, mbatata ili m'manja, n'kudzuka n'kupitiriza pomwe anasiyira. Kuchimbudzi ankatha masiku osaponda. Ndipo kupuma kwawo kunkatalikirana, mpweya uwu, ine n'kudikira, n'kudikira, kenako winawo. Ndinkaika kachiudzu pamphuno pawo kuti ndione ngati kakugwedezeka.

Madziwo ndinawalawanso ine, kamodzi kokha. Bere langa lakumanzere linatupa, gwa ngati mwala wotentha, moti ngakhale nsalu sindinkafuna kuti ilikhudze. Alamu anandipeza ndikulira kuseri.

"Inunso mukufuna anthu atikane kukhwawa? Bweretsani mkono. Theka chabe, la akazi."

Kunena zoona, nkhondo inatha masana amenewo. Kwa ine inatha. Kutentha kunayambira pamimba n'kumakwera, ngati munthu akukufunditsa manta yowamba pamoto, mpaka kumakutu. Ndinagona chagada ndikuyang'ana denga lathu la mwaye, ndikuona kuti denga lokongola chonchi kulibe ngakhale ku Tete. Ndinasanza, ndikuseka. Ndinakonda aliyense, ngakhale mayi wa pakamwa uja amene anakana amuna anga kukhwawa, ndinkafuna ndimupatse nkhuku. Bere linkagundabe, inde, koma linali bere la munthu wina amene ndinkamumvera chisoni pang'ono. Khanda litalira ndinaliyamwitsa bere labwinolo.

Mwanayo anagona. Dzuwa linapendeka, zithunzi zinatalika, iye ali gone. Ndinkamuyang'ana n'kumati, taonani mwana waulemu. Mantha anafika mochedwa ngati mlendo wosochera, koma atafika anandimenya pachifuwa. Ndinamunyamula, khosi lendee, manja ngati nsalu yonyowa, milomo yotuwa. Ndinamuvula, kumuwaza madzi ozizira, kumutikita mapazi, kumuitana, amayi akupemphera mofuula, mpaka anatulutsa kamawu ngati ka mphaka. Sindinalolenso singano. Chotupacho chinaphulika chokha, ndinakuwa mudzi wonse unamva, ndipo ndinakuwa mosangalala. Koma mmawa wotsatira kubayidwa kuja, ndisanatsegule n'komwe maso, thupi langa linafunsa lokha kuti, alamu ali kuti? Kamodzi kokha, linali litaphunzira kale njira.

Patapita zaka, nkhondo itatha, enfermeira wina wa ku vila anandimasulira nditamusimbira zimenezi. Anati ululu ndi uthenga, umayenda m'mitsempha, kukwera msana mpaka ku ubongo, ndipo morfina amakhala panjira n'kumaufooketsa, wotsalawo ukafika umapeza mwini nyumba alibe nawo ntchito. Anatinso ubongo uli ndi mankhwala akeake a mtundu womwewo, amene umatulutsa pang'onopang'ono ukavulala, ukadya chokoma, ukakumbatira mwana. Ine ndinamva msanga chifukwa cha mchere. Pa nkhondo mchere unkasowa, tinkatsina ndi zala ziwiri, ndiwo n'kukoma. Ubongo nawo umatsina. Morfina satsina, amakhuthula thumba lonse mumphika. Ndiye ubongo umati aa, kwachuluka, n'kuleka kutsina wakewo, n'kutsekanso timakomo tina. Madzi aja akatha, munthu umatsala wopanda wa m'botolo, wopanda wako. Zokoma zonse zii, zowawa zonse kuwirikiza. Za kupuma anati malo omwewo mu ubongo ndi amene amakumbutsa chifuwa ntchito yake, ndipo kachifuwa ka khanda sikachedwa kuiwala.

Zinatero ndithu. Kabotolo kamene kankawafikitsa madzulo kanayamba kuthera masana, kenako chakum'mawa. Bala linkatseka bwinobwino, koma mmawa uliwonse amuna anga ankadzuka akuyasamula, misozi ndi mamina chuchuchu, khungu ngati la nkhuku yosonsola, miyendo ikukankha yokha. Ankati mafupa onse akusweka, ngakhale a mwendo wabwino. Manta inkawapweteka. Alamu akati tidikire dzuwa likwere, ankawatukwana mawu amene sindingalembe, n'kuyambanso kuwanyengerera ngati mwana. Singano ikalowa, mwamuna wanga woimba ankabwerera, koma nyimbo zinkafupika. Khanda litamera dzino loyamba ndinathamanga nalo kukawaonetsa, iwo maso ali pachitini. Amayi atapeza kamchere kuchokera ku Malawi tinavina pabwalo, ndiwo zinakoma mpaka tinanyambita mbale. Iwo anadya ngati akutafuna udzu.

Popeza kulima sankatha, amuna a m'mudzi anawapatsa ntchito ya ulonda. Pamwamba pa madimba panali chulu chachikulu, pamtengo wake anapachika khasu lakutha. Wokhala pamenepo akamva mfuti kapena agalu a tsidya akuuwa modabwitsa ankaliza khasulo, ife n'kuthawa. Anthu anati ntchito imeneyi sifuna miyendo, ifuna makutu basi. Inenso ndinavomera. Ndinkawasiyiranso mwana wamkulu kuti asandipondere mbewu.

Tsiku lina tinkakumba mbatata, dzuwa lili pamutu. Mfuti zinalira tsidya la mtsinje, pafupi, zotsatizana. Aliyense anamva. Tinaima makasu m'mwamba, kudikira khasu la pachulu, ngati kuti popanda ilo kuthawa n'kosaloledwa. Chete. Kenako balala, onse kulowera kukhwawa, ine ndekha kukwera kumtunda, khanda likudumpha kumsana, anthu akundikuwira kuti wamisala iwe bwerera. Amuna anga ndinawapeza atatsamira mtengo, maso theka, akumwetulira, mwana atawakhalira paphewa akuwaluka udzu m'tsitsi.

"Simunamve?"

"Ndamva, mayi a mwana. Zalira bwino. Ija yachiwiri ili ndi mawu ngati mbalule."

"Nanga khasu?"

"Ndimati ndilize. Koma ndinaona kuti anthu akugwira ntchito mwamtendere, ndiwasokonezerenji?"

Mukhulupirire, ndinaseka. Ndinaseka, mwana ndamukwapatira m'khwapa ngati nkhuku, ndikutsetsereka naye kukhwawa. Iwo anatsala pomwepo akutibayibitsa. Amfutiwo sanawoloke tsiku limenelo, anapita njira ina. Koma m'mabangomo khanda linalira, ndinalitseka pakamwa ndi bere, linalavula, linaliranso, ndipo maso onse a mudzi anali pa ine.

Madzulo nkhani inali iwiri. Yoyamba, a m'mudzi anawalanda amuna anga khasu lija. Yachiwiri anaiyambitsa okha, mokoma mtima, atamva za kulira kwa mwana.

"Vuto limeneli mankhwala ake tili nawo m'nyumba. Simukumbuka mmene anagonera tsiku lija? Kadontho kamodzi palilime, mudzi wonse upulumuke."

"Mwana wanga ayi."

"Calma, mtima pansi, senhora. Ine ndimamukonda. Mukufuna azimva mantha ali wakhanda?"

Mawa lake azimayi awiri anabwera, aliyense ndi wake kumsana, kudzafunsa monong'ona ngati madzi a alamu amagwiranso ana. Sindikuwanena. Anali ataona zimene zinachitikira midzi ina. Ndinawasimbira za milomo yotuwa ija, wina anamva, wina anati nanga si anadzuka.

Chimene chinandithetsa nzeru chinachitika mmawa wina ndikuchokera kotunga madzi. Khanda ndinalisiya pamphasa ndi mlongo wake. Nditalowa pabwalo, mtsuko uli pamutu, ndinaona amuna anga atalinyamula pamiyendo, akuliimbira kanyimbo, kabotolo kothyoka kali m'dzanja, akugogodera zotsalira pachala chawo chaching'ono.

"Tingoyesa tione muyezo," anatero. "Kuti tsiku la ngozi tisadzalakwitse."

Mtsuko ndinangousiya kugwa. Mwana ndinamukwatula, chalacho chisanafike. Iwo sanakwiye n'komwe, ananyambita chala chawo n'kundiyamikira kuti ndimathamanga ngati gwape. Mpaka lero amakana kuti anachita zimenezi, amati mwamuna ameneyo sakumudziwa, ndipo ine ndimawakhulupirira, koma chalacho chinali chawo.

Ndinaganiza zophwanya timabotolo tonse ndi mwala. Koma ndinali nditawaona mmawa mmene amakhalira, ndipo munthu wokuwa chotero akanatiitanira amfuti. Ndinaganiza zobisa chitini, koma akanachifukula ngakhale pansi pa manda. Ndinaganiza zowalondera, koma ine ndine mmodzi, madzi ndiyenera kutunga, nkhuni ndiyenera kutola. Ndinapita kwa amayi. Anati, "Ana ndi a mbumba yathu, ndani angakuletse? Pita kwa amayi ako aang'ono tsidya la Malawi. Ine nditsala, ndiwaphikira, bola asayambirenso za makutu." Alamu nawo ndinawauza. Analonjeza kuti azichepetsa pang'onopang'ono mpaka chitini chithe, ndi kuti mwana wa munthu aliyense sadzamupatsa. "Koma mukatsanzike, alamu," anatero. "Asadzati munathawa ngati mbala."

Kutsanzika ndinatsanzika, koma nthawi ndinasankha ndine. Ndikanawauza mmawa asanabayidwe akanandigwira mwendo, akanalira, mwina akanandimenya ndi ndodo ija. Linali tsiku la msika wa kumalire, azimayi a m'mudzi akukonza madengu a mbatata. Ndinadikira alamu awiritse seringa, ndinadikira funso lawo ndi yankho lake, ndinadikira mapewa agwe, nyimbo iyambe. Ndiye ndinagwada pamaso pawo monga mwa mwambo, khanda kumsana, wamkulu pambali.

"Bambo a mwana, ndikupita ndi ana ku Malawi. Sindibwera msanga."

"Ku Malawi! Koma ndiye mwaganiza bwino. Mukayende bwino, senhora. Mukandigulire sopo wonunkhira."

"Ndati sindibwera msanga."

"Ndiye mugule wamkulu."

Mwana wamkulu anaseka, inenso ndinaseka, misozi ikulowa m'kamwa. Alamu anatembenukira kukhoma.

Ndinasenza dengu, pansi zovala za ana ndi kamphika, pamwamba mbatata, kuti wofunsa aone mayi wopita kumsika. Njira ya kumalire inali ndi mina, mabomba okwirira aja, choncho tinkayenda mzere umodzi, aliyense akuponda mu phazi la amene ali kutsogolo. Mwana wa zaka zinayi sangatalikitse mwendo chotero, ndipo amakonda kuthamangira agulugufe. Ndinamunyamula pachifuwa, kumumanga ndi kapulana, chitenje chachiwiri, miyendo yake ikundimenya m'mawondo, khanda kumsana, dengu pamutu. Azimayi ankandiseka kuti ndasanduka ngolo ya amuna anga. Ndinamuuza mwanayo kuti tikusewera masewera a mapazi, iye aziyang'ana kumbuyo n'kumandiuza ngati ndaponda bwino. Njira yonse ankalengeza, "Mwakhoza, amayi! Mwakhozanso!"

Pa phiri lomaliza khosi linkafuna kuthyoka, thukuta likulowa m'maso, koma sindinatule. Tinatsika, tinadutsa msewu wafumbi umene ndiwo malire, n'kulowa pakati pa anthu ogula ndi ogulitsa. Anzanga anayala mbatata zawo. Ine zanga ndinampatsa mayi wa pakamwa uja kuti agulitse adye, ndinamasula wamkulu n'kumuimika pansi, ndinamugwira dzanja, n'kuyamba kufunsa njira ya kwa amayi aang'ono.